David Livingstone: Munthu Wosunga Cimene Anatsimikiza

Caka cikamayamba, anthu ambiri amapangana ndi mtima wao kuti adzacita zakuti ndi zakuti. Koma cimanga cisanace, mapangano aja aiwalika. Mbiri ya Dotolo David Livingstone ionetsa m'mene munthu angasungire cimene watsimikiza, ndi m'mene angapirire cikapanda kutheka.

Livingstone anabadwa pa 19 March 1813 m'mudzi wa Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland. Makolo ace anali osauka, ndipo banja lonse linali kukhala m'cipinda cimodzi. Ali ndi zaka 10 analowa nchito ku makina opota thonje, namalumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku. Koma mwanayo anatsimikiza mtima kuti adzaphunzira. Pa malipiro a sabata loyamba anapatulapo ndalama, nagula buku la Cilatini. Ataweruka anali kulowa sukulu ya usiku maora awiri, ndipo pofika kunyumba anali kuwerengabe kufikira amai ace atamlanda buku pakati pa usiku. Usana anali kuika buku pa makina, kuti podutsapo alikugwira nchito awerenge mau pang'ono. Nzeru zace anazitola motero, monga nkhuku itola mapira, imodzi imodzi.

M'caka ca 1836 anayamba kuphunzira za mankhwala ndi za Mau a Mulungu ku Glasgow, nalipira ndi ndalama za thukuta lace. Mtima wace unali pa dziko la China, koma nkhondo inatseka njira. Sanataye mtima ai. Atamva kwa Robert Moffat za midzi yambiri ya mu Africa yosamva Uthenga Wabwino, anatembenukira kuno, nafika ku Kuruman m'caka ca 1841. Pomwepo anadziikira muyeso wina: anapatukana ndi Azungu anzace miyezi 6, nakhala pakati pa Abakwena, kuti adziwe cinenero cao ndi miyambo yao. Khama lomwelo linamfikitsa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1855, ndi ku Nyanja yathu m'caka ca 1859, kumene anaona zoopsa za malonda a akapolo.

Zofooka anali nazo. Maulendo ace anamlekanitsa ndi ana ace zaka zambiri, ndipo mkazi wace Mary atamwalira ku Shupanga m'caka ca 1862, cisoni cace cinali cacikuru. Cotero wotsimikiza kanthu ayambe wawerenga mtengo wace, angasautse a m'nyumba mwace.

Pa ulendo wotsiriza, umene anauyamba m'caka ca 1866, anafuna kupeza magwero a mtsinje wa Nile, poyembekeza kuti akawapeza, maiko adzamvera mau ace otsutsa ukapolo. Pa 19 March 1872, tsiku lokumbukira kubadwa kwace, ali ku Unyanyembe, analemba pemphero m'buku lace, nadziperekanso kwa Yesu, napempha kuti atsirize nchitoyo caka cisanathe. Koma caka cinatha magwero osaoneka. Matenda a m'mimba anakula, mvula inamsautsa m'madambo a Bangweulu, kufikira anzace anamnyamula pamacila. Kuciyambi kwa May 1873, pamudzi pa mfumu Chitambo ku Ilala, anampeza atagwada pambali pa kama wace, atamwalira. Mtima wace anaukwirira patsinde pa mtengo wa mpundu; Susi ndi Chuma ndi anzao ananyamula mtembo kufikira ku Bagamoyo, ndipo unaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 April 1874.

Cimene anapempha sanacilandire, koma cimene cinali pansi pa pempholo cinacitika. Pa 5 June 1873 mfumu ya ku Zanzibar inavomera pangano lotseka msika wa akapolo. Mishoni ya Livingstonia inayamba m'caka ca 1875, ndi ya Blantyre m'caka ca 1876.

Mlimi wa kumudzi amene afuna kudziwa kuwerenga, ndi mnyamata amene anapita ku migodi ya ku Kitwe, kapena wogulitsa malonda pa msika wa Masala ku Ndola, onse angathe kunena kuti nthawi iwasowa. Koma ndani wa iwo agwira nchito maora 14 pa tsiku monga mwana uja wa ku Blantyre? Munthu asankhe cinthu cimodzi ca caka cino, monga kutsiriza Cipangano Catsopano, kubweza ngongole, kusiya mowa, kapena kuyanjana ndi mbale; acilembe, acipatulire nthawi yace tsiku ndi tsiku, nacipereke kwa Mulungu. Cikatheka, ayamike. Cikapanda kutheka, asacite manyazi kuyambanso, pakuti kubzala nkwa munthu, koma mwini mvula ndi zokolola ndiye Ambuye.