Makanjira: mfumu imene inali ndi zombo zake pa nyanja



Ya lero ndi yaitaliko, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono muisunge mudzawerenge usiku mukatha Isha.

Aliyense amene anakulira pa Mangochi boma akuudziwa mzinga uja uli pafupi ndi nsanja ya wotchi, musanakwere mlatho wa Bakili Muluzi. Ife tili ana tinkaima pamenepo pochokera ku madrasa, kumaugwiragwira ngati wathu. Mzinga umenewu unali mu sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inapita ku Liuli, tsidya la Tanzania, n'kukawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Nkhani imeneyo imakambidwa kawirikawiri. Koma zaka zoposa 20 zimenezi zisanachitike, nyanja yomweyi inaonapo nkhondo ina, ndipo mbali imodzi ya nkhondoyo inkatsogoleredwa ndi mfumu ya Chiyao, Msilamu, munthu wa kwathu konkuno: Makanjira.

Dzina loti Makanjira ndi la ufumu, limachita kulowedwa, ndipo lilipo mpaka lero. Amene ndikunena pano ndi amene anali pampando m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, nthawi imene Angerezi ankafika kudzatenga dziko. Mudzi wake unali m'mbali mwa nyanja kum'mawa, kumpoto kwa Mangochi, kufupi ndi malire a Mozambique a masiku ano. Amene munapitako mukudziwa mmene msewu wake umatopetsera, ndipo mwina mumadabwa kuti mfumu yamphamvu inkafunanji kumalo akutali chotere. Yankho lili pa madzi. Pamenepo nyanja ndi yopapatiza, tsidya linalo ndi Salima. Amalonda ochokera kumadzulo, kwa Achewa ndi kupitirira, ankafuna poolokera kuti akafike ku Kilwa ndi madoko ena a nyanja ya mchere. Mwini doko ndi zombo ndiye ankadya nawo pa katundu aliyense wooloka. Makanjira anali ndi zonse ziwiri.

Zombo zakezo sizinali mabwato osema ayi. Zinali zamatabwa, zamatanga, zopangidwa mwa luso la Aswahili, zotha kunyamula anthu ambiri ndi katundu pa ulendo umodzi. Kuchoka kumtunda kuno kunkapita minyanga ya njovu. Kuchokera kunyanja ya mchere kunkabwera nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Njira yomweyo inabweretsanso alembi a Chiswahili odziwa zilembo za Chiarabu, aphunzitsi a Qur'an, ndi Deen yeniyeniyo. Mpando wa Makanjira ndi umene umatchulidwa kuti unayamba kulandira Chisilamu pakati pa mafumu akuluakulu a Chiyao a m'mbali mwa nyanja, cha m'ma 1870. Kenako Chisilamu chinakhazikikanso kwa Mponda ndi kwa Jalasi. Tikamapita ku Jumu'ah lero n'kupeza mzikiti wadzaza mpaka panja, tidziwe kuti gawo lina la mbiri imeneyi linadzera pa doko limenelo.

Koma zombo zija sizinkanyamula minyanga yokha. Zinkanyamulanso anthu. Amuna, amayi ndi ana ogwidwa m'midzi, ena ali m'goli, kuoloka nawo nyanja kuti akagulitsidwe. Apa palibe chobisa abale, chuma ndi mfuti za Makanjira zinkachokeranso ku malonda a akapolo.

Ine nkhani imeneyi sindinayambe kuimva m'buku. Agogo anga akuchikazi, Allah awachitire chifundo, anandiuza tsiku lina tikusenda chimanga kuti agogo awo sanali a kuno. Anabwera ali kamtsikana kuchokera tsidya la nyanja, atagwidwa, ndipo sanawaonenso amayi awo. Anakulira pakhomo pa anthu ena, kuphunzira Chiyao, kulowa Chisilamu, kukwatiwa, kubereka. Ife ndife zidzukulu zawo. Agogo anangonena kamodzi kokha, mwa mawu otsika, kenako n'kundituma madzi. Ndiye ndikamawerenga za Makanjira ndimakhala pakati: Deen imene ndimaikonda inadzera m'njira imeneyi, ndipo mayi amene ndinachokera mwa iye anadzeranso m'njira yomweyo akulira.

Azungu atayamba kuchuluka pa nyanja ndi sitima zawo za mishoni ndi za malonda, Makanjira sanawaope. Mu 1888 John Buchanan, amene ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain, anafika pamudzi pake pamodzi ndi mmishonale wa Anglican, William Percival Johnson. Anthu a Makanjira anawagwira, kuwavula zovala ndi kuwachititsa manyazi pagulu, ndipo anawamasula atalipira katundu. Angerezi sanaiwale zimenezi.

Mu 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo Harry Johnston ndiye anatumidwa kudzalamula. Anabwera ndi mkulu wa asilikali, Captain Cecil Maguire, ndi asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti si onse anali Asikh. Ena mwa iwo anali Asilamu a ku Hyderabad. Komanso Jumbe wa ku Nkhotakota, Msilamu mnzake wa Makanjira, anasankha kugwirizana ndi Angerezi. Choncho amene amati inali nkhondo ya Asilamu ndi Akhristu basi, akufupikitsa nkhani. Kalima inkanenedwa mbali zonse ziwiri. Imene inkalimbiranidwa kwenikweni inali nyanja, malonda ndi ulamuliro. Johnston ankanena kuti akuthetsa ukapolo, ndipo anauthetsadi, koma ankafunanso dziko lopanda mfumu yoti n'kumukaniza msonkho.

Mu Okutobala 1891 Johnston ndi Maguire anafika kwa Mponda n'kumanga linga m'mbali mwa Shire, limene analitcha Fort Johnston. Ndiko kunachokera dzina lakale la tauni yathu ya Mangochi. Atachoka apo anakwera Domira, sitima ya kampani ya African Lakes, kupita kwa Makanjira. Anawomba mizinga pamudzi, kutentha nyumba ndi kuphwanya zina mwa zombo zake. Anabwerera akuganiza kuti ntchito yatsala pang'ono.

Mu Disembala chaka chomwecho Maguire anamva kuti zombo zina ziwiri zabisidwa pagombe lina la m'dera la Makanjira. Ananyamuka pa Domira yomweyo ndi kagulu kochepa ka asilikali kuti akazitenthe. Ali mkati mwa ntchitoyo ankhondo a Makanjira anatulukira ambirimbiri. Nayo Domira poyesa kuyandikira inatitimira pamchenga, osasunthanso. Maguire anawomberedwa ali m'madzi akubwerera ku sitima, n'kufera pomwepo. Tangoganizani, mkulu wa asilikali onse a boma latsopanolo kugwa m'manja mwa mfumu imene ankati aithetsa pa masabata ochepa. Patangopita miyezi iwiri, mu Febuluwale 1892, Jalasi nayenso anathamangitsa gulu lina la boma pa phiri la Mangochi n'kulanda mzinga wawo. Pa nthawi imeneyo boma la Johnston linali litagwedezeka zenizeni kuno kumwera kwa nyanja.

Ikanathera apa nkhaniyi, bwenzi tikungoomba m'manja. Koma pali china chimene chinachitika pagombe lomwelo. Domira ili chititimire kwa masiku angapo, anthu a Makanjira anapempha kuti nkhondo iime akambirane, ndipo analonjeza kupereka mtembo wa Maguire. Anthu awiri anatsika kupita kumtunda pokhulupirira lonjezolo: Dr Boyce, dokotala wochokera ku India, ndi McEwan, injiniya wa sitimayo. Onse awiri anaphedwa. Angerezi analoza chala Saidi Mwazungu, mmodzi wa akuluakulu a mbali ya Makanjira, ndipo anamusaka zaka zingapo mpaka ku Kasungu.

Apa ine ndimaima kaye. Ku madrasa Shehe athu anatiphunzitsa kuti mthenga saphedwa, ndipo kuti Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) anawasiya amoyo ngakhale athenga a Musaylima, munthu amene ankadzitcha mneneri. Anatiphunzitsanso kuti chitetezo ukachipereka kwa mdani chimasanduka amana. Kupha Maguire kunali kunkhondo, iye anabwera ndi mfuti kudzatentha za eni. Koma dokotala amene waitanidwa kudzatenga maliro si wankhondo. Kaya lamulo linachokera pakamwa pa mfumu kaya kwa nduna zake, zinachitika pansi pa ufumu wake, ndipo mtsogoleri amafunsidwa za zimene anthu ake achita m'dzina lake. Ndikaziona bwino, pamenepa ndi pamene Makanjira analuza kwambiri kuposa tsiku limene anamutenthera mudzi. Anapatsa adani ake nkhani yoti akanene ku London, ndipo anatseka yekha khomo la kukambirana.

Zotsatira zake sizinachedwe. Cecil Rhodes anapereka mapaundi 10,000 kuti athandize nkhondo yolimbana ndi Makanjira. Asilikali ena anabwera kuchokera ku India. Sitima ziwiri zankhondo, Pioneer ndi Adventure, zinanyamulidwa zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, n'kudzalumikizidwa kuti ziyende pa nyanja mu 1893. Apa mpamene zombo zamatanga zinaonekera kuti nthawi yake yatha. Chombo chamatanga chimadikira mphepo, kukakhala bata chimangoima. Sitima ya nthunzi imapita kumene woyendetsa wafuna, nthawi imene wafuna, itanyamula mzinga. Makanjira ankatha kukhoma chombo china chikaphwanyidwa, koma sakanatha kupanga injini, ndipo ngakhale wonga wa mfuti zake ankachita kugula kutali. Mphamvu yake yonse inali pa zinthu zimene anthu ake sankazipanga okha.

Chakumapeto kwa 1893 Angerezi anabweranso ndi sitima zawo, kulanda malo ake n'kumangapo linga limene analitcha Fort Maguire, kukumbukira munthu amene iye anamupha. Makanjira sanagonje msanga. Kumayambiriro kwa 1894 anasonkhanitsa ankhondo ake n'kudzaukira lingalo, koma anabwezedwa ndi asilikali a Captain Edwards, ndipo anthu ake ambiri anafa. Mu 1895 boma linagonjetsa Jalasi, Mponda anagonja, ndipo Makanjira anakankhidwira kumapiri mpaka kuoloka kulowa m'dziko la Apwitikizi, Mozambique ya lero. Munthu amene ankalamula pooloka nyanja anatsirizira kutali ndi doko lake. Dzina la Fort Maguire lidakalipo m'dera lomwelo, ndipo ana ambiri a kumeneko amalitchula osadziwa kuti Maguire anali ndani.

Ndiye timutenge bwanji munthu ameneyu? Kuyunivesite ndinakanganapo ndi anzanga awiri pa nkhani yomweyi. Wina amati anali wogulitsa anthu basi, palibe choti n'kumukumbukira nacho. Winayo, m'bale wathu m'Chisilamu, amati ndi ngwazi yathu ndipo zoipa zonse anangomupekera azungu. Zoona, zambiri zimene zinalembedwa za iye analemba ndi adani ake, ndiye tiziwerenga ndi maso awiri. Koma agogo a agogo anga sanapekedwe ndi mzungu. Ine ndimati zonse ziwiri n'zoona pa munthu mmodzi yemweyo. Anali wolimba mtima, anakana kupereka dziko lake kwa mlendo pamene ena ankasaina mapepala osawamva. Anatsegulira khomo aphunzitsi a Qur'an. Komanso anadya chuma cha misozi ya anthu, ndipo pagombe pake lonjezo linaswedwa. Chiweruzo chake chili kwa Allah, osati kwa ine. Chimene ndingathe ine ndi kusanama za iye.

Ndipo kunena zoona kumeneku sikuchepetsa Deen yathu ayi. Deen yomweyi ndi imene imatiuza za Bilal, kapolo amene Abu Bakr anamuombola ndi chuma chake, nadzakhala woitanira kuswala wa Mtumiki. Ngati mfumu ya Chisilamu inagulitsa anthu, inalakwira chiphunzitso chimene inachilandira. Tikamaikira kumbuyo cholakwa chifukwa wochitayo ndi wathu, mawa tidzaikiranso kumbuyo mtsogoleri wa bungwe amene wadya ndalama za mzikiti, kapena bwana wa yunifolomu amene wagwiritsa ntchito udindo molakwika, bola akhale wa kwathu. Chizolowezi chake n'chimodzi.

China chimene ndatolapo ndi cha zombo zija. Nyanja tili nayobe, asilikali athu apamadzi ali ku Monkey Bay, ndipo mkangano wa malire a nyanja ndi Tanzania sunathe. Ilala imene abale athu a ku Likoma ndi Chizumulu amadalira inayamba kuyenda mu 1951, ndipo inapangidwa ku Scotland. Zaka zonsezi tikudalirabe zimene anapanga ena. Ife achinyamata a m'mbali mwa nyanja, amene timadziwa mwera ndi mpoto kuyambira tili ana, ndi angati mwa ife akuphunzira za injini, za kuwotcherera zitsulo, za kuyendetsa sitima? Madrasa tisasiye, koma masamu ndi sayansi nazonso tisazithawe. Makanjira anali ndi mtima, anali ndi anthu, anali ndi doko labwino, koma luso la nthawi yake linamupitirira.

Mukadzadutsa pa mzinga uja pa boma, mudzakumbukire kuti mbiri ya nkhondo pa nyanja yathu siinayambe ndi Guendolen. Ndipo pa dua yanu mudzawaikemo onse: Asilamu amene anatitsogolera, ndi aja anaoloka nyanja ali m'goli amene mayina awo palibe anawalemba.

Allah atikhululukire ife ndi makolo athu, atipatse atsogoleri osunga amana, ndipo ifenso akadzatipatsa udindo atiteteze ku kupondereza anzathu. Ameen.

Wassalaam alaykum warahmatullah.