John Tengo Jabavu, Mwini Nyuzi ya Zinenero Ziwiri

Anthu awiri osamvana chinenero ali ngati anthu oimirira pa matsidya awiri a mtsinje wodzala. Aonana nkhope, koma wina sadziwa za mu mtima mwa mnzake. Ku dziko la South Africa kunali munthu amene anapereka moyo wake kuti amange ulalo pa mtsinje wotere. Dzina lake ndiye John Tengo Jabavu, ndipo ulalo wake unali nyuzipepala.

Jabavu anabadwa m'chaka cha 1859, pafupi ndi mishoni ya Healdtown, m'dziko la Cape. Makolo ake anali osauka, olankhula Chixhosa, koma anamtumiza kusukulu, ndipo mwanayo anaphunzira mwakhama kufikira anakhala mphunzitsi. Pamene anali kuphunzitsa ku Somerset East, sankataya nthawi akaweruka. Ankapita ku nyumba yosindikizira nyuzi, naphunzira kusanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi. Anayambanso kulemba makalata m'Chingerezi ndi kuwatumiza ku nyuzi ya Azungu yotchedwa Cape Argus.

Mbiri ya mnyamatayo inamveka kwa Dr James Stewart, mkulu wa sukulu ya Lovedale. Ameneyu ndi Stewart yemwe uja anafika ku Nyanja ya Malawi m'chaka cha 1876 pamodzi ndi William Koyi, mlaliki wa pakati pa Angoni. M'chaka cha 1881 Stewart anaitana Jabavu kuti akhale mkonzi wa nyuzi ya mishoni, Isigidimi SamaXosa, ndiko kunena kuti Mthenga wa Axhosa. Koma nyuzi ya mishoni sinafune kulowa kwambiri m'nkhani za boma, pamene mtima wa Jabavu unali pa malamulo osautsa anthu a mtundu wake. Chifukwa chake anachoka.

M'chaka cha 1884, ali ndi zaka 25, anayambitsa nyuzi yakeyake mu mzinda umene unkatchedwa King William's Town. Anaitcha Imvo Zabantsundu, ndiko kuti Maganizo a Anthu Akuda. Azungu ena, abwenzi ake, anamthandiza ndi ndalama zoyambira. Nyuziyo inkatuluka sabata ndi sabata, ndipo nzeru yake yaikulu inali iyi: mawu ena anali m'Chixhosa, ena m'Chingerezi. Tsono munthu wa kumudzi ankamva m'chinenero cha amake zimene akuluakulu anapangana ku nyumba ya malamulo ku Cape Town. Mzungunso, pokhala m'nyumba mwake, ankawerenga madandaulo a anthu amene sanakhalepo nawo pa mphasa imodzi. M'menemo Jabavu anatsutsa malamulo a ziphaso za ulendo, natsutsanso lamulo la 1887 limene linachotsa anthu akuda ambiri pa kaundula wa osankha aphungu.

Ntchitoyo inali ndi minga yake. Pa nthawi ya nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, boma linaipidwa ndi zolemba zake, nilitseka nyuziyo m'chaka cha 1901. Inatsegulidwanso mu 1902, mwini wake atataya chuma chambiri. Mu 1909 Jabavu anaoloka nyanja ndi atsogoleri anzake kunka ku London, kukapempha kuti lamulo lophatikiza maiko anayi a South Africa lisatsekere anthu akuda kunja kwa nyumba ya malamulo. Pempho lawo linakanidwa.

Jabavu anaphunthwanso iye mwini. M'chaka cha 1913 kunadza lamulo la malo, limene linasiyira anthu akuda magawo pafupifupi 7 okha mwa magawo 100 a dziko. Wobweretsa lamulolo anali bwenzi lake, J. W. Sauer, ndipo Jabavu, pokhulupirira bwenzilo, sanalitsutse. Mabanja ambiri anapirikitsidwa m'minda, nayendayenda m'misewu ndi ng'ombe zawo. Pamenepo anthu ambiri analeka kumkhulupirira, ndipo mlembi wina, Sol Plaatje, anamdzudzula poyera. Wonyamula mawu a anthu sayenera kugontha khutu pamene eni mawu alira, ngakhale achite kukangana ndi bwenzi.

Komabe ntchito yake yotsiriza inabala zipatso zokoma. Kwa zaka zambiri analemba ndi kuyenda m'misonkhano, kupempha kuti pamangidwe sukulu ya maphunziro apamwamba ya anthu akuda. Sukuluyo inatsegulidwa ku Fort Hare mu 1916, ndipo mwana wake, Davidson, anali mmodzi wa aphunzitsi ake oyamba. M'zaka za pambuyo pake anaphunzira kumeneko Nelson Mandela, ndiponso Orton Chirwa ndi Henry Chipembere a ku Nyasaland.

Jabavu anamwalira m'chaka cha 1921, koma nyuzi yake inapitirira kutuluka zaka zoposa 70 iye atagona. Mwana amene lero agwiritsa chinenero cha kwawo, naphunziranso cha alendo, wagwira kale mitengo iwiri imene Jabavu anamangira ulalo wake.