Robert Brown, Munthu Wosafulumira Kuyankha

Robert Brown anabadwira ku Montrose, m'dziko la Scotland, pa 21 December 1773, ndipo atate wace anali mbusa wa mpingo. Iye anayamba maphunziro a udokotala ku Edinburgh, koma mtima wace unali pa zomera. Ngakhale pamene anali wothandiza dokotala wa asilikali ku Ireland, nthawi yace yopumula inkathera m'kutola masamba ndi maluwa.

M'caka ca 1801, mwa cithandizo ca Sir Joseph Banks, anakwera combo ca Investigator pamodzi ndi Matthew Flinders kunka ku Australia. Anabwerako mu 1805 ali ndi mitundu ya zomera yoposa 3,000, yambiri yosadziwika ku Ulaya. Koma mbiri yace yaikuru inacokera m'kacipangizo kakang'ono, maikulosikopu ya galasi limodzi, imene ankayang'anira zobisika za m'kati mwa duwa.

M'caka ca 1827 anatenga mungu, ufa uja wa m'maluwa, wa duwa lochedwa Clarkia pulchella, nauika m'madzi. Anaona kuti tinthu ting'onoting'ono totuluka m'njere za munguwo tinali kunjenjemera kosaleka. Poyamba cinaoneka ngati cizindikiro ca moyo, ndipo kukanakhala kwapafupi kulengeza comweco. Koma Brown anayamba wayesa. Anatenga mungu wa zomera zimene zinauma zaka zambiri zapitazo, naona kunjenjemera komweko. Anapera galasi ndi miyala, ngakhale kacidutswa ka Sphinx wa ku Egypt, ndipo fumbi lace linabvinanso m'madzi. Tsono anazindikira kuti kuyendako sikunacokere ku moyo. Analemba mosamala zimene anaona, osapeka cifukwa cimene sanathe kucitsimikiza.

Yankho linadza mu 1905, pamene Albert Einstein analongosola kuti tinthuto timakankhidwa uku ndi uku ndi tizigawo ta madzi tosaoneka ndi maso, ndipo mu 1908 Jean Perrin anatsimikiza zimenezi poyesa. Kufikira lero kuyendaku kumachedwa ndi dzina la Brown.

M'caka ca 1831, pofufuza maluwa a orchid, a banja limodzi ndi zomera zotipatsa cikanda, anaona kadontho m'kati mwa kacipinda kalikonse ka comera, nakacha nucleus. Ena anali atakaona kale, koma iye ndiye anakapatsa dzina lokhazikika, naonetsa kuti kali m'zomera zinanso zambiri. Lero tidziwa kuti m'menemo ndimo musungika zimene mbeu itengera kwa kholo lace.

Anatsiriza moyo wace ali wosunga zomera ku British Museum, namwalira ku London pa 10 June 1858, kutatsala zaka 47 kuti funso lace liyankhidwe.

Anzanga aphunzitsi, sukulu zambiri za kumidzi ziribe maikulosikopu, koma njira ya Brown sifuna ndalama. Tengani maluwa awiri a dzungu, lacimuna ndi lacikazi, ana awang'ambe okha, aone kumene kukhala mungu ndi kumene kuli kadzungu. Mwana akanena kuti duwa lacimuna liribe nchito, musamdzudzule. Muthandizeni kumanga duwa lacikazi ndi kansalu lisanatseguke, kuti njuci zisalowemo, ndipo adikire masiku angapo aone ngati dzungu lidzakula.