Johann Heinrich Pestalozzi: Mphunzitsi Amene Anagwa Nadzukanso

Johann Heinrich Pestalozzi anabadwira mu mzinda wa Zürich, m'dziko la Switzerland, m'chaka cha 1746. Atate ake anamwalira iye akali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi amayi ake movutikira. Atakwatira Anna Schulthess m'chaka cha 1769, anayamba ulimi pa munda umene anautcha Neuhof, koma ulimiwo sunapindule.

M'chaka cha 1774 anasandutsa nyumba yake sukulu ya ana osauka, amene ankaphunzira kuwerenga pamodzi ndi kupota thonje. Ngongole zinamuchulukira, ndipo pofika 1780 sukuluyo inali itatsekedwa. Chuma cha mkazi wake chinathera momwemo, ndipo anansi ake anamuyesa munthu wopanda nzeru.

M'masiku a manyazi amenewo iye sanafune womuloza chala. Anakhala pansi nalingalira zimene ana aja anamuphunzitsa, nazilemba. M'chaka cha 1781 anatulutsa buku lotchedwa Lienhard und Gertrud, lonena za mayi wophunzitsa ana ake pakhomo, ndipo bukulo linamutchukitsa.

Asilikali a dziko la France atapha anthu ambiri ku Nidwalden m'chaka cha 1798, boma linamutumiza ku Stans kukasunga ana amasiye. Anasonkhanitsa ana pafupifupi 80, nadya nawo, nagona nawo, nawaphunzitsa. Isanathe miyezi 6, nyumbayo inasandutsidwa chipatala cha asilikali, ndipo iye anachoka ali wodwala. Atachira anakaphunzitsa ku Burgdorf, kumene anakhwimitsa njira yake yoyambira pa zinthu zimene mwana aziona ndi kuzigwira, asanafike pa mawu ndi malamulo. Anafuna kuti mutu, mtima ndi manja zikulire pamodzi.

Sukulu yake ya ku Yverdon, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1805, inakopa aphunzitsi a m'maiko ambiri, ena mwa iwo Friedrich Fröbel. Komabe mkazi wake anamwalira m'chaka cha 1815, aphunzitsi ake anakangana kwa zaka zambiri, ndipo sukuluyo inatsekedwa m'chaka cha 1825. Anamwalira ku Brugg m'chaka cha 1827.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, tsiku lidzafika limene maliro, ngongole kapena kulephera kwa kalasi lanu kudzakufooketsani. Pamene mudzagawira ana a Sitandade 1 timiyala towerengera, mudzakumbukire kuti njira imeneyo anaikulitsa ndi munthu amene sukulu zake zinatsekedwa kangapo, koma sanaleke kuphunzira kwa ana.