António Gamitto: msilikali amene analemba za Acewa ndi cigwa ca Luangwa

Alendo ambiri amene amafika ku Mfuwe m'boma la Mambwe masiku ano amabwera kudzaona nyama m'paki ya South Luangwa. Koma zaka pafupi-fupi 200 zapitazo, m'cigwa comweci munadutsa mlendo amene cidwi cake cinali pa anthu ndi miyambo yao. Iyeyu ndi António Cândido Pedroso Gamitto, msilikali wa ciPwitikizi amene buku lake likali kuthandiza akatswiri a mbiri yakale ya cigawo ca kum'mawa.

A Gamitto anabadwa m'caka ca 1806 mu mzinda wa Setúbal m'dziko la Portugal. Analowa usilikali akali mnyamata, ndipo mu 1825 anapita kukagwira nchito ku Mozambique. Panthawiyo Apwitikizi a ku Tete anali kufuna-funa njira yocitira malonda a minyanga ya njovu ndi mkuwa ndi Mwata Kazembe, mfumu yaikulu ya Alunda ku Luapula. Anali kulakalakanso kupeza njira ya pamtunda yofika ku Angola. Ulendo woyamba wa boma, umene anatsogolera a Francisco de Lacerda mu 1798, unalephera pamene mtsogoleriyo anamwalira atatsala pang'ono kuonana ndi mfumuyo.

Pa 1 June 1831 gulu lina linanyamuka ku Tete motsogoleredwa ndi Major José Correia Monteiro. A Gamitto, amene anali ndi zaka pafupi-fupi 25, anali waciwiri kwa mtsogoleri, ndipo anali kulemba zocitika za tsiku ndi tsiku. Gululo linadutsa m'maiko a Amaravi ndi Acewa, linatsikira m'cigwa, ndi kuoloka Luangwa, mtsinje womwe uja umene umadutsa pa Mfuwe. Kutsidya kwa mtsinje anapeza dziko la Abisa litasakazidwa ndi njala pamodzi ndi nkhondo za Abemba. Cakudya cinasowa, ambiri mwa onyamula katundu anadwala ndi kufa, ndipo ena anathawa.

Otsalawo anafika ku likulu la Kazembe, pafupi ndi nyanja ya Mofwe, mu November caka comweco. A Gamitto analowa m'mudzimo atakwera bulu, nyama imene inadabwitsa anthu a kumeneko. Mfumu Kazembe wacinayi, a Keleka, anawasunga kwa miyezi pafupi-fupi isanu ndi umodzi, koma anawakaniza kupitirira kumadzulo, ndipo pa zamalonda sanamvane. Mu May 1832 gululo linayamba ulendo wobwerera ku Tete popanda phindu limene boma linali kuyembekezera.

Phindu leni-leni la ulendowo linali m'zolemba za a Gamitto. Iwo analemba za kalimidwe ka Acewa, kasulidwe ka zitsulo, kaombedwe ka nsalu za thonje, kaweruzidwe ka milandu ndi mwabvi, ndiponso maliro a mafumu. Anafotokozanso za Atumbuka amene anali kukhala pansi pa mafumu a Cicewa. Zolembazo zinatuluka ngati buku mu mzinda wa Lisbon mu 1854, ndipo mutu wake umayamba ndi mau akuti O Muata Cazembe. Ili ndi limodzi mwa mabuku oyamba kuchula Acewa ndi dzina limeneli. Mu 1960 linatuluka m'Cingelezi litamasuliridwa ndi a Ian Cunnison, katswiri amene anafufuza za anthu a ku Luapula.

Kufunika kwa bukuli kwagona pa nthawi imene ulendowo unacitika. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, patangopita zaka zitatu a Gamitto atabwerera ku Tete, ndipo nkhondo za m'zaka zotsatira zinasintha malire a mafumu ndi malo a midzi yambiri. Motero bukuli likuonetsa dziko mmene linalili Angoni asanafike.

Ngakhale n'tero, bukuli lifunika kuwerengedwa mosamala. A Gamitto anali mtumiki wa boma limene linali m'kati mwa malonda a akapolo, ndipo ambiri mwa amene anawanyamulira katundu anali akapolo a eni minda ya m'mbali mwa Zambezi. M'malo ena analemba monyoza miyambo imene sanaimvetse, ndipo maina a anthu ndi mitsinje anawalemba monga anamvekera m'makutu a Mpwitikizi, kotero kuti Luangwa anauchula kuti Aruângoa. N'cifukwa cake akatswiri amalinganiza zolemba zao ndi mbiri imene akulu-akulu amasunga pamtima ndi kuifotokoza pa miyambo monga Kulamba wa Acewa ku Mkaika ndi Malaila wa Akunda m'boma la Mambwe.

A Gamitto anabwerera kwao ku Setúbal, kumene anamwalira mu 1866. M'mwezi wa December caka comweco a David Livingstone nao anaoloka Luangwa, ndipo patapita pafupi-fupi caka cimodzi anafika ku likulu la Kazembe, kumene a Gamitto anali atafikako zaka 36 m'mbuyomo.