David Clement Scott, Mmisiri Wopanda Pulani

Mukacoka ku Chipata, kudutsa pa Mwami mpaka ku Blantyre m'Malawi, mudzaona chalichi cacikulu ca njerwa. Dzina lake ndi St Michael and All Angels.

Amene anaciganizira ndi David Clement Scott, m'busa wa ku Scotland. Anabadwa mu 1853. Iye sanaphunzirepo nchito yojambula mapulani a nyumba ai. Anthu amene anamanga naye sanali amisiri. Anaumba okha njerwa, naziocha pomwepo. Scott anali kuyamba wasanja njerwa popanda matope kuti aone ngati zikhala bwino. Nchito inayamba mu 1888, inatha mu 1891. Koma kulimba kwake! Mpaka lero anthu apempheramo.

Scott analembanso dikishonale ya Cimang'anja. Anamwalira ku Kenya mu 1907.