Malemu Godfrey Chitalu: Katswiri Amene Anatsuka Dzina Lake

Masiku ano wosewera mpira wotchuka akalakwa, akuluakulu a timu yake amathamangira kwa atolankhani kukapepesa kapena kukakana mlandu. Kunja kuli ngakhale anthu olembedwa ntchito yoteteza mbiri ya osewera. Ine ndinakulira ku Kawale mu Lilongwe, kumene mnyamata akangotukwana woyimbira pa bwalo lafumbi, nkhani imafika ku Biwi ndi ku Area 23 dzuwa lisanalowe. Mbiri sigonera. Choncho ndafuna kukufotokozerani moyo wa munthu mmodzi amene dzina lake linaipa ali mnyamata, koma anamwalira dziko lonse likumulira.

A Godfrey Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, m'dera la migodi ku Zambia. Anayamba kutchuka akusewera mu timu ya Kitwe United. Mphamvu anali nazo, liwiro analinso nalo, ndipo mpira akaumenya goloboyi amangoumvera mu ukonde. Vuto lawo linali kupsa mtima msanga. Ankakangana ndi oyimbira, ndipo kangapo analandira chilango. M'chaka cha 1967, woyimbira atawafunsa dzina kuti alilembe, iwo mwachipongwe anatchula dzina la Denis Law, katswiri wa timu ya Manchester United, ndipo anatulutsidwa m'bwalo. Anthu anayamba kuwaona ngati mnyamata wosamva.

Apa ndi pamene pali phunziro loyamba. Akuluakulu a Kitwe United sanawathamangitse, komanso sanabise zolakwa zawo. M'malo mwake, mu 1968, anawasenzetsa udindo wokhala kaputeni wa timu. Munthu amene ayenera kuletsa anzake kukangana ndi woyimbira amachita manyazi kuyamba yekha mkangano. Chaka chomwecho a Chitalu anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'Zambia, ndiponso anayamba kusewera mu timu ya dziko.

Komabe khalidwe silisintha tsiku limodzi. Zilango zina zinawagwerabe m'zaka zotsatira. Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, ndipo kumeneko ndi kumene anakhwimira. M'chaka cha 1972 anagoletsa zigoli 107 m'masewero a timu yawo ndi a dziko pamodzi. Wowulutsa mpira pa wailesi, malemu Dennis Liwewe, amene anabadwira kuno ku Malawi, anawapatsa dzina lakuti Ucar, kutengera mabatire amene ankadziwika kuti sathera msanga mphamvu. Dzina lachipongwe lija linayamba kuiwalika, latsopanoli n'kukhazikika.

Akale anati ukaipa dziwa nyimbo. Koma ine ndiona kuti zigoli pazokha sizikanakwanira. Osewera aluso alipo ambiri amene anathera m'mowa ndi m'ndewu, ndipo lero palibe owakumbuka. Chimene chinatsuka dzina la a Chitalu ndi chakuti anthu omwe anawaona akupsa mtima ali ndi zaka 20, ndi omwewonso amene anawaona akudziletsa chaka ndi chaka mpaka pamene anasiya kusewera mu 1982.

Ife Amalawi tinawaona ndi maso. Mu 1978 mpikisano wa mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa unachitikira m'dziko muno. Zambia inathambitsa Kenya ndi zigoli 9 kwa duu mu Lilongwe momwemuno, koma pa masewero otsiriza Malawi inagonjetsa Zambia 3 kwa 2 n'kutenga chikho. Mu 1980 a Chitalu anakasewera ku masewero a Olimpiki ku Moscow. Onse pamodzi anagoletsera dziko lawo zigoli 79, ndipo anasankhidwa kasanu kukhala wosewera wopambana onse: mu 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979.

Atasiya kusewera anakhala mphunzitsi wa Kabwe Warriors, kenaka wa timu ya dziko. Taganizani, uja ankatulutsidwa m'bwalo ndiye anapatsidwa ana a eni kuti awaphunzitse mwambo. Pa 27 Epulo 1993, ndege imene inanyamula timuyo popita ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi mzinda wa Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anamwalira, mwa iwo osewera 18 ndi a Chitalu, ali ndi zaka 45. Anaikidwa pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka.

Mu 2012, pamene Lionel Messi anagoletsa zigoli 91, bungwe la mpira ku Zambia linakumbutsa dziko lapansi za zigoli 107 zija. Bungwe la FIFA linati silingatsimikize chiwerengerocho, koma anthu a ku Zambia anaima nji pambuyo pa katswiri wawo, ndipo bwalo la ku Kabwe analitcha dzina lake. Mwini wake kunalibe kuti adziyankhulire. Anamuyankhulira ndi anthu.

Tsono kwa inu anyamata a ku Chinsapo, Mgona ndi Area 25 amene mukulota zodzasewera mu Flames, dzina likaipa musathamangire kudziyeretsa ndi pakamwa. Landirani chilango, vomerani udindo mukapatsidwa, ndipo pirirani zaka zambiri. Nanunso aphunzitsi a matimu, musanathamangitse mnyamata wovuta, yambani mwaganiza zimene a Kitwe United anachita mu 1968.